Galu, Zipatso ndi Ndiwo Zamasamba: Mafunso ndi Mayankho

Agalu ambiri kwathu kuno sadya za m'thumba la kusitolo. Amadya zotsala pakhomo: mkute, nkhoko za mumphika, msuzi wa dzulo, ndi chilichonse chagwa mumtengo usiku anthu tili m'tulo. N'chifukwa chake mayankho ambiri ali m'munsimu sakunena za kachidutswa ka apozi komwe mwamuponyera pomusangalatsa, koma za poto wa ndiwo, dzala la zinyalala ndi mitengo ya pabwalo. Ngozi zenizeni zimabisala kumeneko.

Kodi galu si wodya nyama yokhayokha?

Ayi. Amene amafuna nyama kuti akhale moyo ndi mphaka. Galu wakhala pakhomo la munthu kwa zaka masauzande ambiri, ndipo mimba yake inazolowera mbale ya munthuyo. Mu 2013, Erik Axelsson ndi anzake a ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden anayerekeza chibadwa cha agalu ndi cha mimbulu ya kumayiko ozizira, yomwe ndi makolo awo. Anapeza kuti kachidutswa ka chibadwa kothandiza kugaya zakudya za ufa kamapezeka kawiri mwa mmbulu, pomwe mwa galu kamapezeka kanayi mpaka ka 30. Nsima ikalowa m'mimba mwa galu, imagwira ntchito ndithu.

Komabe galu si mbuzi. Matumbo ake ndi aafupi, mano ake ndi ong'ambira osati operera, ndipo satafuna kwenikweni, amangomeza. Mukamupatsa karoti wamuwisi lero, mawa mukamupeza m'chimbudzi chake ali zidutswazidutswa monga analowera. Masamba amene galu amapindula nawo ndi ophika komanso onyenya.

Ndiye akufunikira zipatso tsiku ndi tsiku ngati ife?

Sakufunikira. Ife timasakasaka malalanje ndi magwafa chifukwa thupi lathu silipanga vitamini C, koma chiwindi cha galu chimapanga chokha. Chomwe zipatso ndi masamba zimamupatsa ndi madzi, timinyewa tothandiza kuti chimbudzi chiziyenda bwino, komanso vitamini A wochokera ku maungu, karoti ndi mbatata yofiira m'kati. Kwa galu wonenepa wa m'tauni, yemwe ntchito yake ndi kugona pakhonde, kachidutswa ka nkhaka kapena zitheba zowiritsa n'zabwino kuposa bisiketi.

Madokotala a ziweto ali ndi muyeso wosavuta: zonse zongowonjezera zisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake cha tsiku. Koma kunena zoona, vuto la agalu ambiri m'midzi ndi m'makwalala athu si kusowa zipatso. Ndi kusowa zomanga thupi. Kagalu kokulira pa phala la madeya ndi msuzi wa mpiru kamakhala ndi chimimba, miyendo yopyapyala ndi ubweya wothothoka. Ngati muli ndi ndalama yochepa yoti muwononge pa galu, guleni bonya kapena dzira, osati apozi.

Ndi zipatso ziti zomwe ndingamupatse mtima uli m'malo?

Nthochi yakupsa, papaya lochotsa njere, mango osenda opanda njere yake, chivwende chopanda chikoko, chinanazi chosenda, gwafa, apozi lochotsa pakati. Chivwende ndi madzi okhaokha pafupifupi, moti masana a mu Okutobala chimamuthandiza. Manachesi ndi malalanje saopsa, kungoti agalu ambiri amadana ndi fungo lake, ndipo akachuluka amatsegula m'mimba. Mandimu musavutike nawo.

Yambani ndi kachidutswa kamodzi, muone chimbudzi chake mawa lake. Galu wa matenda a shuga yekha ndiye asamalawe zotsekemerazi popanda mawu a dokotala.

Ngati mango si poizoni, bwanji ena amati anawaphera galu?

Chinamupha si bango ayi, koma chinjere chake. Nyengo ya mango ikafika, kuyambira cha mu Novembala, galu amatola akugwa, n'kumanyambita chinjere mpaka chiterere, kenako n'kuchimeza. Kwa galu wamkulu chikhoza kudutsa pakhosi bwinobwino n'kukaima m'matumbo aang'ono. Pamenepo palibe chodutsa. Njere za mapeyala ndi za mapichesi zimachita chimodzimodzi.

Choposa zonse pa khalidwe limeneli ndi chitsononkho. Ine ndinaphunzira mochedwa. Chaka china mu Malichi tinaotcha mondokwa madzulo, ana n'kumataya zitsononkho paliponse monga achitira ana. Galu wathu anatola chimodzi, ife n'kumaseka mmene ankachikukutira. Patapita masiku awiri anasiya kudya. Ankati akamwa madzi, pasanathe mphindi zingapo wasanza. Ankaima atapinda msana, kenako n'kugwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba ngati akupemphera, ndipo ndikamugwira pamimba ankalira. Ife tinkangoti wadya chule. Tsiku lachinayi ndi pomwe tinapita naye kwa dokotala, ndipo chomwe anatulutsa pa opaleshoni chinali kachidutswa kotalika ngati chala changa chachikulu, kakuda bii, koma kosagayika ngakhale pang'ono. Anapulumuka, koma ndalama yake tikanagula matumba angapo a chimanga.

Chimanga chenichenicho, chokonola ndi kuphika, chilibe vuto. Chitsononkho ndiye chiponyeni pamoto kapena m'dzenje lomwe galu safikamo. Makoko a mzimbe otafuna kale nawonso amatha kuunjikana m'mimba.

Timamupatsa zotsala za ndiwo zathu, ndipo mumakhala anyezi. Pali vuto?

Lilipo, ndipo pa mafunso onse ali pano ili ndi lomwe likukhudza makomo ambiri. Kwathu kuno ndiwo zikapanda tomato ndi anyezi timati sizinaphikidwe. Tsono anyezi, adyo ndi abale awo onse ali ndi mankhwala a mtundu wa salufa amene amawononga maselo ofiira a magazi a galu. Maselowo amaphulika msanga kuposa mmene thupi lingapangire ena, galu n'kuyamba kuchepa magazi. Kuphika, kukazinga kapena kuumitsa sikuchotsa mankhwalawa. Anyezi ndi adyo waufa, amene amapezeka m'timapaketi ta zokometsera ndiwo ndi ta supu, ndiye woopsa kwambiri chifukwa mphamvu yake ndi yothinana. Adyo, tikayerekeza kulemera kofanana, ndi waukali kuposa anyezi.

Muyeso wake ndi uwu: madokotala amayamba kuda nkhawa galu akadya magalamu 5 a anyezi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Galu wamba wa makilogalamu 15, ndiye kuti magalamu 75, anyezi mmodzi wosakula kwenikweni. Kagalu ka makilogalamu 4 kangofunika chibenthu. Ndipo sikuti mpaka adye tsiku limodzi. Pang'onopang'ono tsiku lililonse, kuwonongekako kumaunjikana.

Chovuta china n'chakuti zizindikiro sizibwera tsiku lomwelo. Pamatha masiku angapo, kenako mumaona galu wafooka, akupuma mwawefuwefu atangoyenda pang'ono, mkodzo wake wafiira kapena wada ngati tiyi wopanda mkaka. Mukakweza mlomo wake, nkhama zomwe zimayenera kukhala zofiirira zimakhala zotuwa kapena zachikasu. Matenda obwera ndi nkhupakupa amaonetsa zizindikiro zomwezi, choncho musaiwale kumuuza dokotala zomwe galuyo amadya.

Wina anena kuti, "Agalu a agogo anga ankadya zomwezo mpaka kukalamba." N'zoona, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: anyezi mmodzi ankagawidwa m'poto wa anthu asanu ndi atatu, galu n'kungolandira kamsuzi kopaka pa nsima. Zinthu zimasintha pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa Khrisimasi, pomwe chidebe chonse cha zotsala za nyama yokazingira anyezi wambiri chimakhuthulidwira galu mmodzi. Njira yosavuta ndi kumupatulira zake musanathire anyezi, mchere ndi tsabola. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Nanga mphesa? Tizipatso tabwinobwino timeneti tingaphe galu?

Inde. Mphesa, zaziwisi ngakhale zouma, zimatha kuimitsa impso za galu. Zimayamba ndi kusanza tsiku loyamba, kenako kufooka ndi ludzu, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu galu amasiya kukodza. Zikafika apo, kumubweza n'kovuta kwambiri. Palibe mlingo womwe tinganene kuti uwu ndi wabwino, chifukwa galu wina amadya zambiri osamva kanthu pomwe mnzake amadwala ndi zochepa chabe. Anthu ambiri sagula mphesa kawirikawiri, koma zouma zija zimabisala m'makeke a ukwati, m'mabanzi ena ndi m'zakudya zam'mawa za m'mabokosi. Abale athu okhala ku Cape Town kapena ku Britain, kumene mphesa zili mbwee, asamale kwambiri.

Mu 2021 madokotala a nthambi yoona za poizoni ya bungwe loteteza nyama la ASPCA ku America ananena kuti chomwe chikuoneka kuti chimayambitsa vutoli ndi asidi wotchedwa tartaric acid. Apa ndi pomwe nkhaniyi imatifika pakhomo, chifukwa chipatso china chokhala ndi asidi ameneyu wambiri ndi bwemba. Madokotala omwewo analemba za agalu amene impso zawo zinawonongeka atadya bwemba. Ngati muli kuchigwa kapena kunyanja komwe mitengo ya bwemba ili pabwalo, kapena mumaviika bwemba wothira m'phala, zotsalira zake zisafike kwa galu.

Agalu athu amadya mapeyala akugwa chaka chilichonse, koma ndinamva kuti ndi poizoni. Zoona ndi ziti?

Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake. Mtengo wa peyala uli ndi mankhwala otchedwa persin, makamaka m'masamba, m'khungwa, m'chikoko ndi m'njere. Mankhwalawa amavulaza kwambiri mbalame, akalulu, mbuzi ndi mahatchi. Galu amawapirira bwino, n'chifukwa chake agalu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amasalala nyengo ya mapeyala m'malo mofa. Choopsa kwa iye ndi chinjere chija, komanso mafuta. Peyala lili ndi mafuta ambiri, ndipo galu wosazolowera akadya ochuluka nthawi imodzi kapamba wake amatha kutupa, matenda opweteka kwambiri. Kachidutswa kakupsa sikangamuphe, koma ine sindingamuphunzitse dala kukoma kwa peyala pakhomo pomwe pali mtengo wake.

Mtedza uli bwanji?

Zimatengera mtedza wake. Wa makademiya, umene umalimidwa ku Thyolo, ku Ntchisi ndi madera ena, ndi woletsedwa. Pasanathe maola 12 galu amafooka miyendo yakumbuyo, kunjenjemera, kusanza ndi kutentha thupi. Ambiri amachira pakatha tsiku limodzi kapena awiri, koma ndi zomvetsa chisoni kumuona akukwawa.

Mtedza wathu wamba si poizoni. Vuto lake ndi chuku. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa ponyowa zimamera chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo galu ndi mmodzi mwa nyama zosachedwa kugonja naye. Kuphika sikumupha poizoniyu. Mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za chimanga chokhala ndi poizoniyu. Ku Gauteng, ku South Africa, agalu oposa 220 anafa mu 2011 chifukwa cha chakudya cha agalu chogula chomwe chinali ndi vuto lomweli.

Tsono taganizirani zomwe timachita tikamasankha mtedza kapena chimanga: chabwino m'thumba, chowola ndi chofumbwa "tipatse agalu ndi nkhuku". Madeya ogula pachigayo, amene anaunjikidwa ali onyowa, nawonso ndi otero. Anunkhizeni. Ngati akumveka fungo la chinyontho kapena agwirana mabuluma, tayani.

Za chiponde, chosinja nokha kapena chongokhala mtedza ndi kamchere n'chabwino pang'ono. Chogula cholembedwa kuti mulibe shuga muyambe mwawerenga pabotolo. Mukaona mawu oti xylitol, musamupatse. Chotsekemeretsa chimenechi chimagwetsa shuga wa m'magazi a galu mofulumira kwambiri.

Chinangwa ndi mbatata?

Mbatata yophika ndi imodzi mwa zabwino kwambiri, pamodzi ndi dzungu. Masipuni angapo a dzungu lowiritsa lopanda mchere amathandiza galu wodzimbidwa ngakhalenso amene watsegula m'mimba pang'ono.

Chinangwa chimafuna ulemu womwe timachipatsa anthufe. Chowawa chija chili ndi mankhwala amene amasanduka poizoni wa cyanide chikatafunidwa chachiwisi. Ndiye chifukwa chake ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amachiviika masiku angapo, n'kuchiyanika, asanasinje ufa wa kondowole. Kondowole wakupsa galu akhoza kudya. Makoko aawisi ndi madzi oviikira chinangwa, ayi. Chigwada nachonso chikhale chosinja ndi kuwiritsa mokwanira.

Mbatata ya kachewere ikhale yophika. Yomwe yabiriwira kapena yaphuka tayani, ndipo makoko ake obiriwirawo asapite m'mbale ya galu.

Nanga masamba athu a tsiku ndi tsiku?

Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, therere, zitheba, karoti: zonsezi zophika, zopanda anyezi ndi mchere wambiri, n'zabwino pang'ono posakaniza ndi chakudya chake. Kabichi, repu ndi mpiru zikachuluka zimadzaza mpweya m'mimba, ndipo amene amagona ndi galu m'nyumba adziwa msanga. Tomato wakupsa alibe vuto, koma wamuwisi wobiriwira ndi masamba a mtengo wake ayi. Nyemba zikhale zopsa mpaka kufewa, chifukwa zosapsa zimasanzitsa galu monga zichitira ndi munthu.

Masamba a kudimba muziwatsuka ngati mukutsukira mwana wanu. Alimi ena amapopera lero n'kukagulitsa mawa. Bowa wa m'tchire yekha ndiye musayese n'komwe, ndipo mvula ikagwa muzizula womera pabwalo ngati muli ndi tiagalu tomwe timalawa chilichonse. Nthanga za nsatsi nazonso n'zakupha zikatafunidwa.

Akuti tsabola amapangitsa galu kukhala wolusa, ndipo njere za papaya kapena adyo zimapha njoka za m'mimba. N'zoona?

Za tsabola ndi nkhanza chabe. Kambuzi amamuotcha galu m'kamwa ndi m'matumbo monga amakuotcherani inu, kungoti iye sanasankhe. Galu amene akumva ululu akhoza kuluma, inde, koma adzaluma mwana wanu yemwe, osati wakuba yekha. Ulonda wabwino umachokera ku galu wokhuta, wathanzi, wodziwa eni ake.

Za adyo mwamva kale zomwe amachita ndi magazi, ndipo utitiri ndi nkhupakupa sizimuopa. Njere za papaya musazidalire. Mankhwala enieni a njoka za m'mimba amapezeka m'masitolo a zaulimi ndi kwa alangizi a ziweto, ndipo si okwera mtengo poyerekeza ndi kutaya kagalu. Galu wamkulu amamwa pakatha miyezi itatu iliyonse, tiana timafuna pafupipafupi.

Galu wanga amadya udzu. Ndiye kuti akusowa masamba m'thupi?

Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe, koma pa udzu nthawi zambiri palibe nkhani yaikulu. Ofufuza a ku University of California, Davis anafunsa eni agalu ambiri mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2008. Anapeza kuti kudya udzu n'kofala pakati pa agalu athanzi, kuti ochepa kwambiri ndi amene ankaoneka odwala asanadye, ndipo amene ankasanza pambuyo pake sanakwane mmodzi mwa anayi. Musiyeni, bola udzuwo usakhale wopopera mankhwala. Mukaona kuti akudya mwaphuma tsiku lililonse, akusanza komanso akuonda, pamenepo pitani naye akamuone.

Ndimagula chakudya cha m'thumba cholembedwa kuti mulibe chimanga kapena tirigu, muli nsawawa ndi mbatata. Si ndiye chabwino koposa?

Musathamangire mawu a pathumba. Mu Julayi 2018 bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA ku America linayamba kufufuza malipoti a matenda a mtima mwa agalu odya zakudya zotere, zomwe zambiri zinali zodzaza nsawawa ndi nyemba zamitundumitundu. Galu amene chimanga kapena mpunga sizimudwalitsa alibe chifukwa chozipewera.

Wadya kale choletsedwa. Nditani?

Choyamba chotsani zotsalazo, ndipo muyerekeze kuchuluka kwa zomwe wadya ndi nthawi yake. Kenako imbani foni kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo, osadikira zizindikiro. Pa mphesa, bwemba ndi anyezi wambiri, maola awiri oyambirira ndi amene dokotala angamusanzitse zinthu zisanalowe m'magazi. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli cha BSPCA, ndipo m'maboma muli maofesi a zaulimi komwe mungapeze alangizi a ziweto. Nambala yawo isungeni lero m'foni, osati tsiku la ngozi.

Musamumwetse madzi amchere kuti asanze, chifukwa mchere wambiri pawokha umapha galu. Mkaka ndi mafuta ophikira sizisukulutsa poizoni, ndipo mukamuthira mokakamiza zimatha kulowa m'mapapo. Makala a pambaula si ofanana ndi makala a mankhwala amene madokotala amagwiritsa ntchito. Ngati wameza chinjere kapena chitsononkho, musayese kumusanzitsa nokha, chikhoza kumutsamwa pobwerera.

Galu amene anali bwinobwino, mwadzidzidzi n'kuyamba kutuluka dovu lambiri, kunjenjemera, kutsegula m'mimba ndi kugwa pasanathe ola, kawirikawiri sanadye chipatso. Ganizirani za tameki kapena mankhwala ena a mbewu, ndipo thamangani naye. Koma ngati akutuluka dovu, wasintha khalidwe, akuoneka ngati watsamwa, ndipo sanabayidwe katemera wa chiwewe, musalowetse dzanja m'kamwa mwake kuti mufufuze chinjere. Mutsekereni, ana atalikire, muitane a vetenale. Wina akalumidwa kapena kukhudzidwa ndi malovu pabala, atsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.